Funsani a Fizo: Tepi ya buluu ija ndi mkono wakufa ndi sitiroko

Chiyambire kutentha kuno, makalata anayi afika patebulo panga onena za chinthu chimodzi: timalamba tomata pathupi, tabuluu, tapinki, takuda, timene ambiri akuti tepi ya kinesio. Olemba onse ali ndi wodwala sitiroko pakhomo, kupatula mmodzi amene ndi wodwala mwini wake. Ine ndagwira ntchito ya fizo, yothandiza odwala kuti ziwalo zawo ziyambenso kugwira ntchito, muno mu Lilongwe zaka zopitirira khumi, ndipo tepiyi ndimaigwiritsa ntchito ndi manja angawa, choncho sindikuyankha zongomva. Pakalata yoyamba ndichedwapo, chifukwa zimene zili m'menemo ndimakumana nazo pafupifupi sabata iliyonse.

FUNSO: A Fizo, amayi anga a zaka 63 anagwa ndi sitiroko miyezi iwiri yapitayo akutsuka mbale kuseri. Anafa mbali ya kumanja. Mwendo wayamba kubwerera, akuyenda chogwira khoma, koma mkono ungolendewera, ndipo phewa likuwapweteka moti usiku sitigona. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg atumiza tepi ya buluu, akuti osewera mpira amamata ndipo imadzutsa mitsempha. Ndaona pa TikTok mmene amamatira. Kodi ndiwamate ndekha? Nanga mkonowu udzadzuka? Mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Mayi, pepani ndi matendawa, ndipo zikomo posawatopera amayi athu. Mwachita bwino kufunsa musanamate, paja safunsa anadya phula. Ndisakubisireni: tepi siidzutsa mkono. Ingathe kuchepetsako ululu wa phewa, ndipo zimenezo si zazing'ono kwa munthu wosagona tulo, koma kudzutsa mkono si ntchito yake.

Nthenda ya amayi siili mumkono. Ili m'mutu. Sitiroko imabwera mtsempha wa magazi wa muubongo ukatsekeka kapena ukaphulika, ndipo kachigawo ka ubongo kamene kamadalira mtsemphawo kamafa posowa mpweya. Ubongo umalamula thupi mopingasa, mbali ya kumanzere imayendetsa mkono ndi mwendo wa kumanja. Ndiye poti amayi anafa kumanja, bala lili kumanzere kwa ubongo. N'chifukwa chake odwala ambiri ofa kumanja amavutikanso kulankhula, popeza kwa anthu ambiri malo a mawu ali komweko. Zili ngati thiransifoma ya kwanu ku 25 ikapsa. Mababu m'nyumba ali bwinobwino, mawaya ali bwinobwino, koma kuli mdima, ndipo ngakhale mutasintha babu kakhumi sikuwala.

Achimwene anu sananame kuti osewera mpira amamata. Tepiyi anaiyambitsa ndi Kenzo Kase wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, koma dziko linaidziwa kwambiri pa masewera a Olympic a mu 2008 ku Beijing, anthu ataona pa TV osewera atamata m'mapewa ndi m'mawondo. Kungoti wosewera mpira ubongo wake uli bwino, iye wangopweteka mnofu. Ndipo dziwani kuti mulibe mankhwala m'tepimo. Ndi kansalu ka thonje kopyapyala, kolukidwa ndi ulusi wotanuka, kumbuyo kwake kuli guluu. Kamatanuka m'litali mokha. Buluu, pinki kapena wakuda ndi utoto chabe, mphamvu yake ndi imodzimodzi.

Musanatsegule paketiyo, chitani ichi madzulo ano. Akhazikeni amayi pampando wopanda zotsamira m'mbali, mapewa onse ali poyera, inu muime kumbuyo kwawo. Ikani chala pansonga ya phewa labwinolo, pamene fupa limathera, n'kutsetsereka pang'ono cha kumkono. Mupeza kuti pali podzaza, fupa ndi mnofu zagundana. Kenako chitani chimodzimodzi kuphewa lodwalalo. Ngati mupeza kadzenje kolowa chala chimodzi, mwina ziwiri, ndiye kuti fupa la mkono latsika pamalo pake. Tsopano gwirani chigongono chawo ndi chikhatho chanu n'kuchikwezera m'mwamba pang'onopang'ono. Muona kadzenje kaja kakutsekeka, ndipo kawirikawiri wodwala amapuma mpweya wautali, nkhope n'kumasuka.

Chimachititsa n'chiyani? Fupa la ntchafu limalowa m'chiuno ngati munsi mumtondo, dzenje lake ndi lakuya, silituluka wamba. Phewa silili choncho. Mutu wa fupa la mkono umangokhala pakambale kosaya, ngati mtsuko pankhata, ndipo chimene chimaugwira ndi minofu yozungulira. Minofu ija ikalobodoka ndi sitiroko, mkono wonse umalendewera patimitsempha tofewa timene sitinalengedwe kuti tizinyamula katundu. Mkono wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu atatu kapena anayi, ngati mapaketi atatu a shuga ndi kupitirira. Tangoganizani mutamangirira shuga ameneyo pabala, kuyambira m'mawa mpaka usiku, miyezi iwiri.

Koma kulemerako pakokha si kumene kumawononga kwambiri. Ndife apabanja, ndi manja athu achikondi omwewa. Chaka chatha kunabwera abambo ena, telala wa ku Mchesi, pagalimoto ya hayala. Ine ndinali pakhonde. Ana awo awiri, anyamata amphamvu okonda bambo awo, wina analowetsa dzanja m'khwapa, wina anagwira padzanja lakufalo n'kukoka kuti atuluke pampando wa kumbuyo. Abambowo mawu anali atatsekeka, sakanatha kunena kuti mukundipweteka. Anangotsinzina, misozi chuchuchu. Anyamatawo anandiuza kuti, "Ndi matendawa, adokotala, masiku ano amangolira." Mtima unandiwawa, chifukwa anawo sankadziwa, ndipo panalibe amene anawauzapo chitulukire m'chipatala. Ankawakoka motero powadzutsa pamphasa, popita nawo kubafa, powakweza pabedi, mwina kasanu ndi kamodzi patsiku.

Tsiku limenelo ndinawamata abambowo tepi ya buluu paphewa, n'kuitana onse, anyamata aja ndi mayi awo, n'kuwauza kuti: pamene pali buluupa ndi mkono wonsewu, palibe wokoka. Patatha masabata awiri anabweranso akugona tulo. Ine ndimakhulupirira kuti chachikulu chimene chinawathandiza n'chakuti analeka kukokedwa, ndipo tepi ija ndi imene inkakumbutsa aliyense wolowa m'chipindamo, ngakhale alendo a kumpingo obwera kudzazonda. Ntchito imeneyo sindiipeputsa ayi. Ofufuza a m'mayiko angapo ayesa tepiyi pa odwala sitiroko. Ena apeza kuti ululu wa phewa umachepa kwa kanthawi, ena apeza kuti kusiyana kwake n'kochepa. Umboni wolimba wakuti payokha imabwezera mphamvu mumkono palibe. Zimene ndaona ine zikugwirizana ndi zimenezo: imachirikiza pang'ono, imakoka khungu moti wodwala amakumbukira kuti mbali iyi kulinso mkono, ndipo ena ululu umawaphwera.

Ndiye yambani ndi zosagula. Powadzutsa amayi, imani kumbali yodwalayo, dzanja lanu limodzi ligwire kumsana pafupa lopyapyala la kumbuyo kwa phewa kapena m'chiuno, linalo lichirikize chigongono. Ena amamanga chitenje m'chiuno mwa wodwala n'kumagwira pamenepo, ndipo zimathandiza kwambiri. M'khwapa musalowetsemo dzanja. Akakhala pansi, mkono usalendewere. Uikeni pamtsamiro pamiyendo pawo kapena patebulo, chikhatho chili chotambasuka, pamalo pamene maso awo akuuona. Akagona chagada, ikani kansalu kopinda pansi pa phewa ndi mtsamiro pansi pa mkono. Akagonera mbali yabwino, mkono wodwala ukhale kutsogolo pamtsamiro, ngati akukumbatira mwana. Kugonera mbali yodwala n'kololedwa, bola muyambe mwakokera phewalo kutsogolo mofatsa, pogwira kumsana, kuti asaligonere pansonga. Powaveka bulauzi yambani ndi mkono wodwala, powavula muthere nawo.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimazipeza m'makomo ambiri ndipo ndimapempha kuti zichoke. Choyamba ndi chingwe chokoleka pamtanda wa denga kapena panthambi ya mango, chakuti wodwala azikoka ndi dzanja labwino kuti lodwala likwere m'mwamba. Cholinga n'chabwino, koma fupa lotsika lija likakwezedwa mokakamiza limatsina minofu ya m'kati mwa phewa. Mpaka a fizo atakuonetsani, musakweze mkonowo kupitirira msinkhu wa phewa. Chachiwiri ndi chitenje chokoleka mkono m'khosi tsiku lonse. Poyenda kapena pokwera minibasi chimathandiza, koma akachivala kuchokera m'mawa mpaka usiku mkono umazolowera kupindika pachifuwa, chigongono ndi zala n'kuuma gwa, ndipo kuwongola kwake kumadzakhala ntchito ya miyezi.

Tsopano za kumata. Ulendo woyamba musamate nokha. Tengani amayi, kabuku kawo ka kuchipatala ndi tepi yomweyo, mupite ku fizo kuchipatala cha Kamuzu Central kapena kuchipatala chimene muli nacho pafupi chokhala ndi a fizo. Ululu wa phewa uli ndi zoyambitsa zingapo: kutsika kwa fupa, kung'ambika kwa mnofu, kuuma kwa mfundo, kukungika kwa minofu, ngakhale ululu wochokera muubongo momwemo umene tepi siingaukhudze n'komwe. Wa pa TikTok uja sanagwire phewa la amayi anu.

Ine ndikamamata ndimatere. Dzulo lake ndimayamba ndamata kachidutswa kakang'ono pakhungu kuti tione ngati guluu sawayabwa, n'kudikira maola 24. Patsikulo khungu lisambidwe ndi sopo n'kuuma bwino, osadzola Vaseline kapena mafuta alionse, chifukwa pamafuta tepi siigwira. Ndimadula timizere titatu, n'kuzungulitsa ngodya zake ndi sizasi kuti zisamakole m'zovala. Gadiyani amachirikiza chigongono mpaka kadzenje kaja katatsekeka, ndipo sasiya mpaka nditamaliza, chifukwa kumata fupa lili chitsikire n'kungokongoletsa. Ndimayambira chapakati pa mkono wa kumtunda n'kukwera kudutsa paphewa, mzere wina kutsogolo, wina pakati, wina kumbuyo. Pakati pa mzere ndimakoka pang'ono, koma nsonga ziwirizo sindikoka ngakhale pang'ono, popeza matuza ambiri amayambira pansonga zokokedwa. Pomaliza ndimasisita ndi chikhatho kuti guluu atenthedwe n'kugwira. Imakhala masiku 3 mpaka 5, ndipo angathe kusamba nayo, bola osakhula, kungoipukuta mogunda ndi thaulo. Nyengo ino ya thukuta imamatuka msanga, musadabwe. Akakuonetsani kawiri kapena katatu, inu muli pompo mukugwira nawo, mudzatha kumamata kunyumba.

Za ululu wa usiku, afunseni adokotala mankhwala oyenera. Musawagulire Brufen kapena Indocid pagolosale, chifukwa mankhwala amenewa amakweza BP, ndipo kwa munthu amene akumwa kale asipirini angathe kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Mankhwala a BP asadumphe ngakhale tsiku limodzi, ngakhale iwo anene kuti akupeza bwino. Mchere wowaza pandiwo zakupsa uchoke patebulo.

Nanga mkonowu udzadzuka? Pano ndiyankhule mosamala, poti sindinawaone. Kwa odwala ambiri mwendo umatsogola, mkono umatsalira, ndipo zala ndiye zimachedwa kuposa zonse. Chizindikiro chimene ife timayang'ana ndi ichi: kodi angathe kutambasula zala ngakhale pang'ono pokha, ndipo kodi angathe kusuntha mkono kuuchotsa kunthiti? Ngati zimenezi zayamba, chiyembekezo n'chachikulu. Ngati sizinayambe, musataye mtima, koma dziwani kuti ena mkono subwerera wonse, ndipo timawaphunzitsa kuti ukhale wothandizira, wopanikiza mbale pamene linalo likutsuka. Miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira ndi imene ubongo umaphunzira mwachangu, ndipo inu muli mwezi wachiwiri. Nthawi ndi inoyi.

Ubongo umaphunzira pobwereza. Zigawo zimene zinapulumuka zimatenga ntchito ya chigawo chakufa chija, koma zimatero pokhapokha zikamapemphedwa kambirimbiri. Akhazikeni patebulo, alukanitse zala za manja onse pakansalu, azipukuta tebulo kupita kutsogolo ndi kubwerera, kakhumi, apume, kakhuminso. Ikani kapu ya pulasitiki patsogolo pawo ayese kuikankha ndi dzanja lodwala. Posankha nyemba, dzanja lodwala likhale m'lichero momwemo. Alendo akabwera awapatse moni ndi dzanja lomwelo, linalo likuchirikiza pachigongono, monga mwa ulemu wathu womwe uja. Ndipo inu, mayi, dziletseni kuwachitira chilichonse. Ndikudziwa kuti zimapweteka kuona amayi ako akulimbana ndi batani mphindi zisanu iwe uli chiimire, koma mphindi zimenezo ndiye mankhwala ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 48, ndinali dalaivala wa minibasi. Sitiroko inandigwira chaka chatha. Ndikuyenda ndi ndodo, koma phazi la kumanzere limakhwekhwereza pansi, patapata amavuka, ndipo ndagwapo kawiri podumpha ngalande. Mnzanga akuti ndimate tepi pamsongolo. Ingathandize? Bambo wa ku Kawale.

YANKHO: Achimwene, kugwa kawiri kwandidetsa nkhawa kuposa funso la tepilo, chifukwa mbali yodwala mafupa amafooka, ndipo kuthyoka chiuno kungakubwezereni pabedi. Phazi likukhwekhwereza chifukwa mnofu wa kutsogolo kwa msongolo, umene umadzutsa zala mukamaponya mwendo, sukulandira bwino uthenga, pamene mnofu wa kumbuyo, wa katumba, wakungika n'kumakokera phazi pansi. Tepi yochokera pamwamba pa phazi kukwera pamsongolo imathandizako amene mnofu wawo ukugwira kale pang'ono, ndipo ine ndimaigwiritsa ntchito pophunzitsa kuyenda, wodwala ali pamaso panga. Koma phazi logweratu, loyenda m'fumbi la ku Kawale tsiku lonse, kansalu kotanuka sikangalinyamule. Pofika masana kamakhala katamatuka.

Chimene mukufunika kuyezedwa ndi chochirikiza phazi cha pulasitiki, chimene kuchipatala amati AFO. Chimayambira pansi pa phazi, kudutsa kuchidendene, kukwera kumbuyo kwa mwendo, ndipo chimalowa munsapato. Ku Kamuzu Central kuli malo opangira miyendo ndi zochirikiza zotere, amene anayamba mothandizidwa ndi bungwe la 500 miles. A fizo akakuonani angakutumizeni kumeneko, ndipo amachiumba potengera mwendo wanu womwewo.

Patapata musiyeni lero lomwe. Kuti asavuke, zala zimayenera kumufinya, ndipo kufinyako kumawonjezera kukungika kumene tikulimbana nako. Pezani nsapato yotseka kuchidendene, ya zingwe kapena yomata, ya kaunjika ili bwino. Ndodo ikhale kudzanja la kumanja, labwinolo. M'mawa uliwonse imani moyang'ana khoma, manja pakhoma, mwendo wodwala kumbuyo, chidendene chili pansi, n'kuweramira kutsogolo mpaka mumve katumba akukokeka. Werengani mpaka 30, katatu. Kenako khalani pampando, mapazi onse pansi mofanana, muziimirira ndi kukhala kakhumi popanda kukankha ndi manja, mukuonetsetsa kuti mwendo wa kumanzere ukusenza nawo thupi. Mvula isanayambe, yang'anani njira zonse zimene mumadutsa, ya kuchimbudzi makamaka, muone pamene pakufunika kuika thabwa kapena kukwirira.

Simunafunse za ntchito, koma ndikudziwa kuti ili mumtima. Musabwerere pachiwongolero adokotala asanakuyezeni maso ndi changu cha mwendo. Sitiroko ya mbali ya kumanzere kwa thupi nthawi zina imachititsa munthu kusazindikira zinthu za kumanzere kwake, iye osadziwa n'komwe, ndipo pamsewu kumanzereko ndi kumene kumakhala a kabaza ndi ana a sukulu.

FUNSO: Amuna anga ali ndi shuga ndipo anadwala sitiroko mu Juni. Achibale awo anapita nawo kumudzi kumene anawatema mphini pamkono ndi paphewa. Atabwerako, munthu wina wa m'dera lathu anawamata tepi pamwamba pake, n'kunena kuti isachotsedwe mpaka itagwa yokha. Patha masabata awiri. Pansi pake payamba kutuluka madzi ndipo pakununkha, koma iwo akuti sakumva kupweteka. Nditani? Mayi wa ku Chinsapo.

YANKHO: Mayi, inu ndinakuyankhani kale pafoni tsiku limene kalata yanu inafika, koma ndikulembanso pano chifukwa cha ena. Tepi imeneyo ichoke, ndipo abambo aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira Lolemba. Bala lonunkha pa munthu wa shuga silichedwa kulowa m'kati.

Kusamva kupwetekako kusakunamizeni. Sitiroko imatha kuchititsa dzanzi mbali yodwala, shuga nayenso amapha timitsempha ta pakhungu, choncho belu limene likanalira kuti pano pavuta linazima. Maso anu ndiwo alowe m'malo mwa belulo. Pochotsa musazule ngati pulasitala wa pabondo la mwana. Nyowetsani tepiyo ndi mafuta ophikira, dikirani mphindi khumi, kenako muzimatula pang'onopang'ono motsata kumene ubweya wagonera, chala china chikupanikiza khungu. Pamene yakanirira pabala, isiyeni akachotse anamwino.

Za mphini sindikufuna kunyoza achibale anu. Munthu akagwa mwadzidzidzi, dzulo anali bwinobwino, mitima imafunafuna chifukwa, ndipo aliyense amathamangira kumene akukhulupirira kuti kuli thandizo. Koma monga ndanenera kwa mayi a ku Area 25, bala lili muubongo, ndipo lezala pakhungu silifikako. Chimene limasiya ndi makomo olowera tizilombo, pamkono umene magazi ake akuyenda kale mwaulesi. N'chimodzimodzi kuthowa ndi madzi otentha. Ndaonapo agogo ena atasupuka mkono wonse ndi nsalu yoviika m'madzi a pambaula, iwo ali chete, mdzukulu akuganiza kuti akuwachitira zabwino. Madzi alionse okhudza mbali yodwala muziyamba mwawayesa ndi chigongono chanu.

Tepi siimatidwa pabala, pamphini zosapola, pazidzolo, kapena pakhungu lopyapyala la okalamba limene limang'ambika ngati pepala. Siimatidwanso pamwendo umene watupa mbali imodzi, ukutentha ndi kupweteka pakatumba, chifukwa pamenepo mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala, osasisita. Kwa wina aliyense, isapitirire masiku 5, ndipo ikachoka khungu lipume tsiku limodzi kapena awiri. Tsiku lililonse yang'anani m'mphepete mwake. Mukaona kufiira, matuza, kapena wodwala akukandakanda, chotsani. Ndipo amene akukumatani mufunseni kumene anaphunzira ntchitoyi. Kuno kwathu a fizo amaphunzira zaka zingapo, ambiri ku sukulu ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre, ndipo amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Wodziwa ntchito sakwiya mukamufunsa zimenezo.

FUNSO: Ife tepiyo sitingaikwanitse kugula. Kodi pulasitala wa kuchipatala kapena tepi yakuda ya amagetsi singagwire ntchito yomweyo? Komanso agogo pakamwa panapotoka, tingamate kuti pawongoke? Mnyamata wa ku Mtandire.

YANKHO: Ayi mphwanga, ya amagetsi ndi selotepi zisayandikire khungu la agogo. Sizipitisa mpweya, sizitanuka, ndipo zikazungulira mkono zimatseka magazi. Pulasitala wolimba uja a fizo ena amamugwiritsa ntchito paphewa, koma amayala kansalu kena pansi pake, ndipo amasupula khungu akamatidwa ndi munthu wosaphunzira. Pakamwa napo musamate. Agogo aziyang'ana pagalasi n'kumayesa kumwetulira, kufufumitsa masaya ndi kuimba mluzu. Chofunika kuposa maonekedwe ndi kumeza: azidya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo ngati akutsamwa kapena kukhosomola pomwa madzi, kawauzeni adokotala msanga, chifukwa chakudya cholowera kumapapo chimayambitsa chibayo.

Usadzione ngati wawalephera agogo chifukwa chosowa tepi. Odwala anga ambiri amene anachira bwino sanamatidwepo. Ndalama imene ukanagulira isunge ya thiransipoti yopitira ku fizo ndi kukayezetsa BP. Mtsamiro wochirikiza mkono usoke wekha: thumba la ufa lochapa bwino, udzazemo nsanza zofewa, ukutire ndi chitenje chakale.

Poti pa 29 Okutobala ndi tsiku lokumbukira matenda a sitiroko padziko lonse, ndikupempha iwe ndi onse a m'nyumba zimene muli wodwala kuti muloweze zizindikiro izi, chifukwa amene inamugwirapo ingathe kumubwereranso: pakamwa kupotoka mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo kufooka, mawu kusokonekera kapena kutsekeka. Mukaona chimodzi mwa zimenezi musamugoneke kuti muone mmene kuchere, ndipo musamumwetse kanthu, ngakhale madzi. Yang'anani nthawi imene zayambira, pezani galimoto, thamangani naye ku Central, ndipo mukafika auzeni adokotala nthawi imeneyo.

Mwezi wamawa ndidzayankha makalata awiri amene atsala, onena za dzanja lofumbata losatambasuka ndi za wodwala amene akukana kudya.